Nyumba, yuniyoni ndi ndalama: chimene chinatulutsa anthu wamba a ku America m'misewu

Pa 5 Disembala 2008, fakitale yopanga mawindo ndi zitseko ya Republic Windows and Doors mumzinda wa Chicago inatseka. Antchito ake, opitirira 200, anali atauzidwa kutangotsala masiku atatu, pomwe lamulo la ku America limafuna kuti kampani ya msinkhu umenewo ichenjeze anthu ake kukadali masiku 60. Ndalama za tchuthi ndi zina zoyenera kulandira pochoka, mabwana anati palibe, chifukwa Bank of America yatseka mpopi wa ngongole. Antchitowo sanapite kwawo. Anakhala momwemo m'fakitalemo, kumasinthana kugona ndi kulondera katundu. Bankiyo inali itangolandira kumene mabiliyoni a madola kuchokera ku boma, ndalama za misonkho, ndiye mawu a anthu panja pa geti anali osapita m'mbali: inu anakuombolani, ife anatigulitsa. M'bindikirowo unatha masiku asanu ndi limodzi. Mabanki anagonja, ndipo panapezeka $1.75 miliyoni yolipira antchito.

Ndayambira pa fakitale imeneyi chifukwa nkhani zitatu zimene anthu amakonda kuzikamba paderapadera zinakumana pamenepo. Mawindo anasiya kuyenda malonda chifukwa nyumba zinasiya kumangidwa, ndipo zinasiya kumangidwa chifukwa mabanja ambirimbiri ankalandidwa zomwe anali nazo kale. Amene anabweretsa tsokalo anaomboledwa ndi boma. Ndipo chimene chinathandiza antchito ochepawo kuti asachoke chimanjamanja chinali yuniyoni yawo. Patangotha zaka ziwiri zokha, mayuniyoni ndiwo anali pa mpeni.

Ngongole imene wokongoza sankasamala ngati ibwezedwa

Ku America munthu wamba sagula nyumba ndi ndalama ya m'thumba. Amatenga ngongole yobweza pang'onopang'ono, kawirikawiri kwa zaka 30, ndipo nyumba yomweyo ndiyo chikole. Ukalephera kubweza miyezi ingapo, banki imalanda nyumba n'kuigulitsa pa okushoni, iwe n'kutulutsidwa ndi masherifu. Kwa zaka zambiri dongosololi linkayenda chifukwa banki yokongoza ndiyo inkadikira kubwezeredwa, motero inkafufuza kaye ngati munthu angakwanitse.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinthu zinasintha. Makampani okongoza ankapereka ngongole lero, mawa n'kuigulitsa ku mabanki akuluakulu a ku Wall Street, likulu la malonda a ndalama ku New York. Kumeneko ankasonkhanitsa ngongole zikwizikwi, kuzimanga mtolo umodzi, n'kugulitsa zidutswa za mtolowo kwa oika ndalama a padziko lonse, kuphatikizapo mabungwe osunga penshoni za anthu. Wokongoza woyamba uja phindu lake ankalipezera pa kusainitsa munthu basi. Kaya abweza kaya sabweza, zinali za wina. Wa katapila ndi wankhanza, koma iye amafuna ndalama yake ibwere. Awa analibe nazo ntchito.

Ndiye kunabuka ngongole zimene ankazitcha subprime, zopatsa anthu omwe mabanki kale ankawakana. Zambiri zinkayamba ndi chiwongoladzanja chotsika kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako n'kudumpha. Wotenga ngongole akadandaula, yankho linali lakuti mitengo ya nyumba ikukwera, ikadzafika nthawiyo mudzangotenga ngongole ina yofewa n'kutseka iyi. Ngongole zoterezi sizinagwe mwachisawawa ngati mvula. Zinalunjikitsidwa kwambiri m'madera a anthu akuda ndi a olankhula Chisipanishi, ngakhale kwa amene ankayenerera ngongole yabwino. Pa mlandu wa tsankho limeneli kampani ya Countrywide inavomera kulipira $335 miliyoni mu 2011, ndipo Wells Fargo inalipira $175 miliyoni mu 2012.

Mitengo ya nyumba inafika pachimake mu 2006, kenako inayamba kugwa, mpaka kutsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi m'dziko lonse. Munthu wokhala ndi ngongole ya $200,000 ankapezeka kuti nyumba yake ingagulidwe $140,000 yokha. Kugulitsa sangathe, kutenga ngongole ina sangathe. Pa 15 Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa, chuma chonse chinagwedezeka, ndipo pofika Okutobala 2009 anthu 10 pa 100 alionse ofuna ntchito anali pa ulova. Tsopano ngakhale amene anatenga ngongole zabwinobwino anayamba kulephera, chifukwa malipiro anali atatha. Mu 2010 mokha, nyumba pafupifupi 2.9 miliyoni zinalandira zikalata za kulandidwa, ndipo zoposa miliyoni imodzi mabanki anazitengadi.

Boma linathamangira kuti? Pa 3 Okutobala 2008 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lopatula $700 biliyoni yopulumutsira mabanki, pasanathe milungu itatu Lehman itagwa. Eni nyumba anadikira mpaka 2009, pamene boma la Barack Obama linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa HAMP, yolonjeza kufewetsa ngongole za mabanja 3 mpaka 4 miliyoni. Koma ndondomekoyi inasiya chiwongolero m'manja mwa mabanki omwewo, ndipo pofika kumapeto kwa 2011 amene ngongole zawo zinafewetsedwa kotheratu anali asanakwane miliyoni. Dandaulo linali limodzimodzi kulikonse: watumiza mapepala, akuti sanafike, watumizanso, akuti atha ntchito, ukuyankhula ndi ofesi ina ya banki za kufewetsa ngongole, pomwe ofesi ina ya banki yomweyo yaika kale tsiku la okushoni.

Kenako mu 2010 kunaululika china. M'zigawo zimene kulanda nyumba kumadzera kukhothi, banki imayenera kupereka chikalata cholumbira chakuti wogwira ntchito wake waona yekha mapepala ndipo ngongoleyo ndi yoona. Wantchito wina wa kampani yokongoza ndalama za nyumba ya GMAC anavomera atalumbira kuti ankasaina zikalata zotere pafupifupi 10,000 pamwezi. Werengerani nokha: ndi zikalata 500 patsiku, chimodzi pa mphindi iliyonse kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Panalibe kuwerenga. Nthawi zina ngongole inali itagulitsidwa kambirimbiri moti mapepala osonyeza mwini wake weniweni anali atasowa. GMAC, JPMorgan Chase ndi Bank of America anaimitsa kaye kulanda nyumba kwa kanthawi, kenako anayambiranso.

Kuchotsa manyazi

Chovuta pa kulandidwa nyumba n'chakuti chimagwera munthu payekha, ndipo chimabwera ndi manyazi. Wochotsedwa ntchito m'fakitale ali ndi anzake mazana amene zawaonekeranso tsiku lomwelo. Wolandidwa nyumba amabisa kalata m'dilowa, osauza ngakhale oyandikana nawo, kenako n'kusamuka usiku. Amadziona ngati wolephera. Choncho ntchito yoyamba ya magulu amene anadzuka inali kukhazika anthu otere m'chipinda chimodzi kuti aonane nkhope.

Amene anaidziwa bwino ntchito imeneyi ndi bungwe la City Life/Vida Urbana la mumzinda wa Boston, lomwe linayamba mu 1973 ngati gulu la anthu a lendi. Pamisonkhano yawo ya mlungu ndi mlungu, mlendo ankaimirira n'kufotokoza za nyumba yake, kenako n'kufunsidwa ngati ali wokonzeka kulimbana ndi banki. Akavomera, chipinda chonse chinkayankha kuti tilimbana nanu limodzi. Njira yawo ankaitcha lupanga ndi chishango. Chishango anali maloya ndi ophunzira zamalamulo a ku Harvard, amene ankakokera mlandu kukhothi miyezi ndi miyezi. Lupanga linali chigulu cha anthu: kuima ndi zikwangwani pakhomo pa banki, kusokoneza okushoni ndi phokoso, ndipo tsiku lotulutsa banja likafika, kukhala pamasitepe a nyumbayo atakolowekana mikono mpaka apolisi awanyamule.

Chimene ankapempha sichinali nyumba yaulere. Ankati: nyumba iyi mukaigulitsa pa okushoni mupeza mtengo wa lero, wotsikawu, bwanji osaigulitsa kwa banja lomwe lilimoli pa mtengo womwewo, kapena kulilola lizilipira lendi? Bungwe lina lokongoza losafuna phindu, Boston Community Capital, linkagula nyumba zotere kwa banki n'kuzigulitsanso kwa eni ake akale ndi ngongole yoti angaikwanitse. Masamu ake anali omveka moti banki yokana inkaoneka kuti ikungofuna kulanga.

Kwina anthu anapitirira apo. Ku Miami gulu la Take Back the Land, lotsogozedwa ndi Max Rameau, linkatsegula nyumba za mabanki zongokhala n'kulowetsamo mabanja osowa pokhala. Ku Chicago mkulu wa masherifu, Tom Dart, mu Okutobala 2008 analamula anyamata ake kuti aleke kaye kutulutsa anthu, ataona kuti ambiri amene ankawagogodera anali a lendi olipira mwezi ndi mwezi, osadziwa n'komwe kuti mwini nyumba analandidwa kalekale. Zonsezi zinali ndi makolo ake. M'zaka za m'ma 1930 alimi a ku Iowa ndi Nebraska ankadzaza pa okushoni ya munda wa mnzawo, kuopseza aliyense wofuna kutchula mtengo weniweni, kugula ng'ombe ndi makasu ndi timakobidi, n'kubwezera mwini wake.

Bilu yafika kwa aphunzitsi

Apa m'pamene nkhani ya nyumba imakumana ndi ya mayuniyoni. Sukulu, apolisi ndi misewu ku America zimayendera kwambiri misonkho ya m'zigawo ndi m'mizinda: msonkho wa nyumba, wa malonda, wa malipiro. Nyumba zitagwa mtengo ndi anthu atachotsedwa ntchito, misonkho yonseyi inaphwa. Ndalama za penshoni zomwe zinali pamsika wa masheya nazo zinasungunuka. Ndipo mosiyana ndi boma la ku Washington, pafupifupi chigawo chilichonse chimakakamizidwa ndi malamulo ake kuti bajeti isakhale ndi chibowo. Wina anayenera kulipira. Pachisankho cha Novembala 2010 chipani cha Republican chinatenga zigawo zambiri, ndipo magavanala atsopano anali ndi yankho lokonzeka: vuto ndi malipiro ndi penshoni za ogwira ntchito m'boma.

Nkhondo yaikulu inachitikira ku Wisconsin, ndipo malowo anali ndi tanthauzo. Chigawo chimenechi ndicho chinali choyamba, mu 1959, kupatsa ogwira ntchito m'maboma aang'ono ufulu wokambirana ndi owalemba ntchito kudzera mu yuniyoni. Yuniyoni yaikulu ya ogwira ntchito m'boma, AFSCME, inabadwira mumzinda wa Madison, likulu la chigawochi, m'zaka za m'ma 1930.

Pa 11 Febuluwale 2011 gavanala watsopano, Scott Walker wa chipani cha Republican, anatulutsa bilu imene anati ndi yokonzera bajeti. Inali ndi mbali ziwiri. Yoyamba inali ya ndalama: ogwira ntchito m'boma azisonkha pafupifupi 5.8 peresenti ya malipiro awo ku penshoni ndi 12.6 peresenti ya mtengo wa inshulansi yachipatala. Mbali imeneyi inali ndi oimvetsa ambiri, ndipo tisanamizane, mfundo yake sinali yopusa. Munthu wogwira ntchito ku kampani, amene malipiro ake anadulidwa, penshoni alibe, mwinanso nyumba ikulandidwa, ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani msonkho wake uzilipirira mnzake zonse. Bajeti ya zaka ziwiri zotsatira inali ndi chibowo cha $3.6 biliyoni.

Mbali yachiwiri ndiyo inali ndi mano. Yuniyoni izikambirana za malipiro okha, osati maola, tchuthi, kukula kwa kalasi kapena kachotsedwe ka munthu ntchito, ndipo ngakhale malipirowo asakwere kuposa kukwera mitengo kwa zinthu pokhapokha anthu atavomereza pa riferendamu. Boma lileke kudula ndalama ya umembala pa malipiro. Chaka chilichonse yuniyoni izichititsa voti yoti ikhalepobe, ndipo izipeza mavoti 51 pa 100 a antchito onse, osati a ovota okha, kutanthauza kuti wodwala kapena woiwala amawerengedwa ngati wakana. Wandale aliyense atapatsidwa muyeso umenewu, ochepa okha ndiwo angakhalebe pampando. Apolisi ambiri ndi ozimitsa moto biluyi inawadumpha.

Atsogoleri a mayuniyoni sanachedwe kulengeza kuti za ndalamazo avomera, bola ufulu wokambirana ukhale. Walker anakana. Patapita miyezi iwiri, akufunsidwa ku nyumba ya malamulo ku Washington kuti voti ya chaka ndi chakayo ikupulumutsa ndalama zingati, anavomera yekha kuti sikupulumutsa kalikonse.

Oyamba kufika ku nyumba ya malamulo ya ku Madison anali ophunzira a payunivesite amene amathandizira kuphunzitsa, pa 14 Febuluwale, atanyamula makadi a Valentine opita kwa gavanala. Patapita masiku awiri aphunzitsi ambirimbiri a mumzindawo ananena kuti adwala tsiku limodzi, sukulu n'kutsekedwa. Komiti ya bajeti inatsegula mwayi woti anthu apereke maganizo, ndipo mzere wa ofuna kuyankhula unali wosatha, motero anthu anayamba kugona momwemo podikira nthawi yawo. Umu ndi mmene m'bindikiro unayambira, ndipo unatha milungu yoposa iwiri. Mkati mwa nyumbayo munakhazikitsidwa pogawira chakudya, pothandizira odwala, posewerera ana, ndi magulu osesa. Panja kunali chisanu choopsa. Sitolo ina yapafupi yogulitsa pizza, Ian's Pizza, inayamba kulandira mafoni a anthu olipirira chakudya cha ochita zionetsero, kuchokera m'zigawo zonse za America ndi maiko ambiri, kuphatikizapo Egypt, komwe Hosni Mubarak anali atangogwa tsiku lomwe Walker anatulutsa bilu yake.

Pa 17 Febuluwale maseneta (aphungu a nyumba yapamwamba ya malamulo m'chigawomo) onse 14 a chipani cha Democratic anathawira ku chigawo choyandikana cha Illinois. Bilu yokhudza ndalama imafuna maseneta 20 m'nyumba kuti voti ichitike, ndipo a Republican analipo 19. Kutsidya kwa malire apolisi a Wisconsin sakanatha kuwagwira. Anakhalako milungu itatu.

Chimene chinkagwetsa anthu misozi chinali kulowa kwa ozimitsa moto, atavala zipewa zawo, akuimba zitoliro, pomwe biluyo sinkawakhudza. Ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 10 Malichi ena mwa iwo anapita ku nthambi ya banki ya M&I yoyang'anizana ndi nyumba ya malamulo n'kutapa ndalama zawo, pafupifupi $190,000, mpaka nthambiyo inatseka tsikulo. Mabwana a bankiyo anali atathandiza kampeni ya Walker, ndipo bankiyo inali italandira $1.7 biliyoni pa ndalama zija zopulumutsira mabanki.

Koma dzulo lake, pa 9 Malichi, a Republican anali atapeza njira. Anachotsa m'biluyo ndime zimene zinkafuna maseneta 20, n'kudutsitsa zotsalazo m'nyumba ya maseneta madzulo amodzi. Bilu imene ankati ndi ya bajeti inadutsa atachotsamo za bajeti. Walker anaisaina pa 11 Malichi, n'kukhala lamulo lotchedwa Act 10. Mawa lake anthu pafupifupi 100,000 anazungulira nyumba ya malamulo, alimi atabwera pa mathirakitala awo, koma lamulo linali litasainidwa kale.

Ndalama za ndani?

Pakati pa mkanganowu, mtolankhani wina wa nyuzipepala ya pa intaneti ya ku Buffalo anaimbira foni ofesi ya Walker akunamizira kuti ndi David Koch, mmodzi mwa abale awiri olemera kwambiri a kampani ya Koch Industries. Maseneta othawa aja ankadandaula kuti gavanala sakuyankha mafoni awo. Koch wabodzayo analumikizidwa, ndipo anacheza naye mphindi 20, Walker akufotokoza momasuka njira zimene akuganiza zonyengerera maseneta kuti abwerere. Palibe mlandu umene unatuluka pamenepo, koma anthu anamva ndi makutu awo kuti foni ya ndani imayankhidwa.

Mawu akuti mphamvu ya makampani pa ndale amamveka ngati nkhambakamwa mpaka utaona mipaipi yake. Umodzi unatsegulidwa pa 21 Januwale 2010, pamene khothi lalikulu la America, ndi mavoti 5 kwa 4 pa mlandu wa Citizens United, linagamula kuti makampani ndi mayuniyoni angathe kuwononga ndalama zopanda malire pokopa ovota, bola asapereke mwachindunji kwa wopikisana. Wina ndi wakale: bungwe la ALEC, lomwe linayamba mu 1973, kumene aphungu a m'zigawo amakhala pa tebulo limodzi ndi nthumwi za makampani n'kulemba zitsanzo za mabilu, aphunguwo n'kupita nazo kwawo. Walker anali membala wake ali phungu. Mu Julayi 2011 bungwe la Center for Media and Democracy la ku Madison linatulutsa poyera mabilu otere oposa 800, ndipo anthu anayamba kuona chifukwa chake malamulo ofanana ankatulukira m'zigawo zotalikirana nthawi imodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani mayuniyoni a m'boma? Chigamulo cha Citizens United chinamasula makampani ndi mayuniyoni mofanana papepala. Koma mayuniyoni a m'makampani anali atafooka kale, ndipo pa magulu amene amathandiza chipani cha Democratic ndi ndalama ndi anthu oyenda khomo ndi khomo, a aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ndiwo anali otsala amphamvu. Kuwatsekera ndalama za umembala kunali kuumitsa chitsime cha mbali inayo. Kanema wina amene anajambulidwa mu Januwale 2011 n'kutuluka chaka chotsatira anaonetsa Walker akuyankha mayi wina wolemera, Diane Hendricks, amene anamufunsa za kufooketsa mayuniyoni onse. Walker anati ayambira a m'boma, chifukwa njira yake ndi kugawanitsa kuti ugonjetse. Hendricks pambuyo pake anapereka $500,000 ku kampeni yake.

Ohio inapambana, Wisconsin inagwa

Zigawo ziwiri zinayesa njira ziwiri, ndipo kusiyana kwa zotsatira zake n'kumene kwa ine kuli phata la nkhani yonseyi. Ku Ohio gavanala John Kasich anasaina lamulo lofanana ndi la Walker pa 31 Malichi 2011, koma iye sanapatule apolisi ndi ozimitsa moto. Malamulo a Ohio amalola nzika kukana lamulo pa riferendamu. Anasonkhanitsa masiginecha 1.3 miliyoni, ndipo pa 8 Novembala ovota 61 pa 100 alionse analikana. Funso linali limodzi, lomveka, ndipo nkhope ya kampeni inali wozimitsa moto wa m'dera lako.

Wisconsin ilibe riferendamu yotere. Chimene ili nacho ndi ufulu wochotsa wosankhidwa nthawi yake isanathe, wofanana ndi uja unali mu gawo 64 la malamulo a Malawi aphungu asanalifafanize mu 1995. Anthu anasonkhanitsa masiginecha oposa 900,000, pomwe ofunika anali 540,000. Koma funso linali litasintha. Silinalinso lakuti lamuloli n'labwino kapena ayi, koma lakuti mukufuna Walker kapena Tom Barrett, meya wa Milwaukee amene anali atagonja kale kwa Walker mu 2010. Lamulo linkalolanso woopsezedwa kuchotsedwa kulandira zopereka zopanda malire kwa kanthawi, ndipo Walker anasonkhanitsa ndalama zoposa $30 miliyoni, zambiri zochokera kunja kwa chigawo, kuposa mnzakeyo kangapo konse. Pa 5 Juni 2012 anapambana ndi mavoti 53 pa 100. Si ndalama zokha: ovota ambiri anauza ofufuza kuti kuchotsa munthu pampando n'koyenera pokhapokha atachita zachinyengo, ndipo mwa ovota a m'mabanja okhala ndi membala wa yuniyoni, oposa mmodzi mwa atatu anavotera Walker. Kugawanitsa kuja kunagwira.

Kuchoka m'paki, kupita pakhonde

Pakati pa zonsezi, pa 17 Seputembala 2011, anthu anamanga misasa m'paki ya Zuccotti pafupi ndi Wall Street ku New York, akudzitcha 99 peresenti, kutanthauza anthu onse kupatula olemeretsa ochepa. Gulu lawoli, lotchedwa Occupy, linatchuka msanga ndipo linasintha kayankhulidwe ka dziko pa nkhani ya kusiyana kwa olemera ndi osauka, koma linkanyozedwa kuti silinena chimene likufuna. Apolisi atawachotsa m'pakimo pa 15 Novembala, ambiri anatembenukira ku nyumba. Pa 6 Disembala kunachitika tsiku la Occupy Our Homes m'mizinda yoposa 20. Achinyamata a m'misasa anakakumana ndi magulu akale a m'madera, amene ankadziwa kale dzina la banki, tsiku la okushoni ndi khomo la sherifu.

Ku Minneapolis ndi ku Atlanta njirayi inabala zipatso zooneka: matenti pakapinga pa nyumba, mafoni osaleka ku likulu la banki, atolankhani pakhomo, mpaka banki imene inkati palibe chochita n'kupezeka yafewetsa ngongole. Pena zinkalakwika. Ku East New York analowetsa banja losowa pokhala m'nyumba yomwe ankati ndi ya banki, kenako kunatulukira mwini wake akunena kuti akulimbanabe kuti aipulumutse. Ndipo ngakhale zikayenda bwino, nyumba zopulumutsidwa mwa njira imeneyi zinali dontho chabe poyerekeza ndi mamiliyoni amene anapita.

Phokosolo linafika ndithu m'maofesi. Mu Febuluwale 2012 mabanki asanu, Bank of America, JPMorgan Chase, Wells Fargo, Citigroup ndi Ally, anagwirizana ndi boma ndi zigawo 49 pa chipepeso cha $25 biliyoni chifukwa cha zikalata zosainidwa mwachinyengo zija. Chiwerengerocho n'chachikulu pochimva, koma gawo lalikulu silinali ndalama yotuluka m'thumba, linali ngongole zofewetsedwa zimene mabanki ankawerengeredwa, ndipo banja limene linali litalandidwa kale nyumba linalandira cheke cha pafupifupi $1,500. California mu 2012 inaletsa mchitidwe uja wokambirana ndi munthu uku ukugulitsa nyumba yake. Nyumba zolandidwazo zinapeza ogula atsopano: kuyambira 2012 kampani ya Blackstone ya ku Wall Street inagula nyumba zikwi makumi angapo pa mtengo wotsika n'kuyamba kuzichititsa lendi.

Kumbali ya mayuniyoni mpeni unapitirira. Indiana ndi Michigan mu 2012, kenako Wisconsin mu 2015, zinakhazikitsa malamulo otchedwa right to work (ufulu wogwira ntchito), amene dzina lake limanamiza: sapatsa munthu ntchito, amangoletsa mgwirizano wokakamiza wantchito kusonkha ku yuniyoni imene ikumuyankhulira. Malamulowa anagwera mayuniyoni a m'makampani, kuphatikizapo ena amene mu 2011 ankaona ngati za aphunzitsi sizikuwakhudza. Mu 2018, pa mlandu wa Janus, khothi lalikulu linafalitsa mfundo yomweyo kwa ogwira ntchito m'boma m'dziko lonse. Ku Wisconsin antchito a mu yuniyoni anali 14 pa 100 alionse mu 2010. Pofika 2016 anali 8. Michigan yokha inabweza lamulo lake mu 2023.

Act 10 inapirira milandu yambiri kwa zaka 13. Imene inaigwedeza inadzera pa ndime ija yopatula apolisi ndi ozimitsa moto. Lamulolo linapatula ena a chitetezo n'kusiya anzawo, monga apolisi olondera nyumba ya malamulo, apolisi a payunivesite ndi oyang'anira nyama zakutchire, ngakhale ntchito zawo n'zofanana. Woweruza Jacob Frost wa khothi la Dane County anapeza kuti palibe chifukwa chomveka cha kusankhaku, ndipo pa 2 Disembala 2024 anafafaniza mbali zambiri za lamulolo. Aphungu a Republican anachita apilo, ndipo chigamulocho chinaimitsidwa kaye podikira makhothi apamwamba.